Chimbale Chimene Chinkakana Mawu a Ababa

Brikama,
Lachinayi, 8 Disembala 2005.

Okondedwa achimwene a Karamo,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Mataro, kutsidya kwa nyanja, ngakhale a Janko, amene abwera kuchokera kumeneko, akuti nyengo ino kumazizira mpaka munthu kulephera kumanga mabatani a malaya ake omwe. Kuno tonse tadzuka, tikuyamika Mulungu. Mphepo ya fumbi ija yayamba, milomo yathu yang'ambika, ndipo Amayi akusesa m'mawa ndi madzulo koma fumbi likungowaseka.

Katundu yense amene munapatsira a Janko anafika bwino. Nsapato zandikwana. Bulangeti lija Amayi safunda, angoliyala pabedi kuti alendo aziliona. Koma chimene chagwedeza nyumba ino ndi chimbale cha kanema chija, ndipo nkhani yake ndi yaitali, choncho khalani pansi.

Tsiku limene chinafika tinakabwereka wailesi ya kanema ndi choonetsera zimbale kwa aneba, n'kuziika pakhonde. Anthu anadzaza bwalo ngati pali ukwati. Mutangooneka, mutavala jekete lalikulu lija, Amayi anakuwa kuti, "Karamo! Ndili pano!" uku akukupiza dzanja. Munatisonyeza chipinda chanu, mphika wanu, minda ya tomato ya m'nyumba za pulasitiki, ndipo aliyense ankati mwanenepa. Ine kunenepako sindinakuone. Ndinaona kuti m'chipindamo muli mpando umodzi wokha.

Ababa sanatuluke. Mukuwadziwa. Chichokereni inu osawatsazika, dzina lanu silinatulukenso pakamwa pawo. Akafuna kukutchulani amangoti "uja wa kutsidya", ndipo mukaimba foni amapeza malaya ofunika kumaliza msanga. Tsikulo anakhala m'chipinda chawo chosokera, makina akulira. Koma ndinazindikira kuti inu mukayamba kulankhula makinawo ankaleka, ndipo chitseko chimene chimakhala chotseka nthawi zonse chinali chotsekula pang'ono.

Kumapeto kwa kanemayo munati chimbalecho ndi cha mtundu wofufutika: tifufute zanu, tijambulemo zathu, a Janko abwerere nacho. Ndinaitana msuweni wathu a Dembo, mwana wa azakhali a Mansata. Mwina simunamve, anasiya zoyendetsa takisi. Tsopano ali ndi kashopu kuseri kwa msika, amajambula maukwati ndi kukopera anthu nyimbo pa kompyuta. Pakamwa pokha ndi pamene sipanasinthe.

"Zosavuta izi, mayi," anatero akuzunguza chimbalecho pachala. "Tifufuta Karamo, kenako tiwotcha inuyo."

Amayi anachitsomphola n'kuchibisa m'nsalu yawo. "Ufufute ndani? Uwotche ndani? Iwe mwana wa Mansata, wadya chiyani lero?"

Zinatitengera makapu onse atatu a ataya, tiyi wathu womwa katatu uja, kuti amvetse zoti kuwotcha ndi chinenero chabe cha anthu a makompyuta, kutanthauza kulemba pa chimbale. Analola pokhapokha a Dembo atakukoperani pa chimbale china, cha wamba chosafufutika, ndipo iwo ataonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuti atsimikize kuti muli wathunthu. Pano chili pansi pa sutikesi yawo, pamodzi ndi nsalu zosavala.

Loweruka a Dembo anabwera ndi kamera. Tinaika mpando pansi pa mtengo wa mango. Amayi analankhula, analira, anakulangizani za mapemphero a swala ndi za akazi a kumeneko, n'kuyambiranso. Azakhali a Mansata anatchula aliyense amene wabadwa ndi amene wamwalira ku mtundu wathu. Aneba anapereka moni wawo. Pomaliza ndinakhala ine, ndipo ndinapempha onse kuti apite kaye kukhitchini, ndinene zanga pandekha.

A Dembo anali atayamba kupinda miyendo ya kamera pamene chitseko cha chipinda chosokera chinatsekuka. Ababa anatuluka atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, chonsecho linali Loweruka. Anayenda pang'onopang'ono kudzakhala pampando paja.

"Chinthu chakocho chikadali ndi malo?" anafunsa.

"Chili nawo, amalume," anayankha a Dembo. Sindinawaonepo atasowa nthabwala ngati tsiku limenelo.

Achimwene, sindifuna kukulandani zimene muone ndi maso anu, koma pang'ono pokha ndiyenera kunena kuti mumvetse zotsatira. Ababa anayang'ana kamera nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anatsokomola n'kunena kuti, "Jekete lija anakusokera ndani? Phewa lakumanzere lapendekeka. Telala wa kumeneko sadziwa ntchito." Anakamba za ulusi wa masiku ano woduka msanga, ndi za mango amene sanabereke bwino chaka chino. Ndiye anakhalanso chete. Chetecho chinatalika, moti a Dembo anandiyang'ana kufunsa ngati azimitse, ine n'kupukusa mutu. Pamapeto pake anatchula dzina lanu. Analitchula lonse, momveka bwino. Anati, "Karamo, wakula pachifuwa. Tumiza muyezo, ndikusokere chovala cha pa chikondwerero cha Tobaski." Amayi anali pakhomo la khitchini atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Ababa ataimirira, a Dembo anati, "Amalume, izi ndiziika pa chimbale chatsopano. Zofufutikazi zimavuta nthawi zina."

"Ayi," anatero Ababa. "Munthu akakutumizira chakudya umabweza mbale yake yomweyo, ndipo siibwerera yopanda kanthu. Uike pa chake chomwecho." Analowa m'chipinda n'kutseka chitseko.

Ndi mmene mavuto anayambira.

Lolemba ndinapita kushopu ndikuganiza kuti ndingotenga chimbale n'kubwerera. Ndinapeza a Dembo akukanda mutu. Kompyuta inkanena kuti chimbalecho si chopanda kanthu, chonsecho anali atachifufuta kale.

"Mchimwene wako ndi wouma mutu ngati malume anga," anatero. "Akukana kutuluka."

Anandifotokozera kuti kufufuta kulipo kuwiri. Kwachangu kumangochotsa dzina pakhomo koma katundu ali m'nyumba momwemo, pamene kwathunthu kumasesa nyumba yonse, kungoti kumachedwa. Tinafufuta kwathunthu. Kenako kulemba kunayamba, ndipo pagalasi panaoneka kamzere kobiriwira kamene kamakwawa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Kakafika kumapeto ndiye kuti zatheka. Kanali kasanafike ndi pakati pomwe pamene magetsi anathima. A Dembo ananena mawu amene sindingawalembe m'kalata yopita kwa mkulu wanga.

Lachiwiri tinabwereka jenereta kwa wometa tsitsi wa pafupi. Tinafufutanso, tinayambanso. Kamzere kanadutsa pakati, kanayandikira kumapeto. Patatsala pang'onong'ono makina analira mwachilendo, kachitseko kake kanatsekuka kokha, n'kulavula chimbalecho ngati mwana wokana phala.

"Ndi fumbi ili," anatero a Dembo. Anamasula makinawo, anapukuta kadiso ka m'kati ndi thonje lonyowetsa sipiriti, anapukutanso chimbalecho ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete. Chinakana pamalo omwe aja.

"Ndi liwiro," anateronso. "Zimbale zofufutikazi zili ngati nkhalamba, sizifuna kuthamangitsidwa." Anachepetsa liwiro mpaka kamzere kankayenda ngati bilimankhwe. Anazimitsa nyimbo ndi zina zonse zimene zinali zotsekula pa kompyutapo kuti isagawe nzeru. Anandiletsa ngakhale kutsamira tebulo.

Wometa uja anasuzumira pakhomo, lumo lili m'manja. "Dembo, mafuta anga akutha. Makina akowo ukawasambitse kunyanja, ali ndi tsoka."

"Tsoka lake ndi ili lakhala apali," anayankha a Dembo akuloza ine. "Iwe Nyima, tembenukira kukhoma. Nkhope yako ndi imene ikuopseza kompyuta."

"Nkhope yanga inalowa mu kamera popanda vuto," ndinatero. "Vuto ndi lakuti ntchitoyi tinapatsa woyendetsa takisi."

Tinaseka, koma kamzere katafikanso pamalo paja n'kuima, kuseka kunatha. A Dembo ananyamula chimbalecho n'kuchiyang'anitsitsa pa kuwala kwa pakhomo. Anati chikhoza kufufutika kambirimbiri, inde, koma chimene chinadulidwa ndi magetsi pakati pa ntchito sachidalira, ndipo tsiku lina chidzangokana kotheratu. Anati, "Pita ukawanyengerere amalume. Chatsopano ndingawotche pompano."

Madzulo ake ndinawapititsira Ababa mpunga wa domoda, ndiwo yotendera ija, kuchipinda chosokera, ndinagwada, n'kufotokoza zonse mwaulemu. Anamvetsera akudula nsalu, osakweza maso.

"Chakana?" anafunsa.

"Chikukana, Ababa. Koma chatsopano chingalole."

"Ngati chake chakana, ndiye kuti Mulungu sanafune kuti amve. Zisiyeni."

"Ababa, mawu ake ndi omwewo."

"Ndanena kamodzi," anatero, lumo n'kupitiriza kudya nsalu.

Ndinatuluka. Ndinadziwa kuti pampando paja sadzakhalaponso, ndipo ndinaona kuti mbali ina ya mtima wawo ikufunafuna pothawira. Amayi anandinong'oneza kukhitchini kuti tingotumiza chatsopanocho mobisa. Koma Ababa anali atauza kale a Janko kuti adzawapatsa chimbalecho ndi dzanja lawo, ndipo amachidziwa bwino, chili ndi dzina lanu limene munalemba nokha ndi inki yofiira. Komanso achimwene, mawu amene munthu wawasunga zaka zonsezi, kodi ndi oti afike kwa mwini wake mozemba ngati katundu wakuba?

Dzulo, Lachitatu, ndinalawirira kushopu. A Dembo anali atayesanso pa makina a mnzawo wa ku Serekunda, ndipo nakonso chinakana kumapeto komweko. Chimbale chinali patebulo pakati pathu. Ndiye anatenga kachikwama kake ka pulasitiki, kaja munachitumiziramo, n'kuyamba kuwerenga tizilembo ta kuseri pongosowa chochita. Mwadzidzidzi anadzimenya pachipumi.

"Ine ndine bulu! Nyima, usadzauze munthu, koma ine ndine bulu."

"Anthu akudziwa kale. Chachitika n'chiyani?"

"Chimbalechi n'chaching'ono m'mimba! Pamaso n'chofanana ndi zinzake, koma chimanyamula zochepa kuposa zimene ndimagwiritsa ntchito masiku onse."

Ndinafunsa chifukwa chake kompyuta sinanene zimenezo poyamba pomwe. Anachita manyazi pang'ono. Anati kalekale anaiuza kuti isamadandaule katundu akapyola pang'ono, izingokanikiza, chifukwa eni maukwati safuna kudulidwa gule. Zimbale wamba zimapirira, koma ichi ayi.

"Tinali ngati kondakitala wokweza anthu minibasi itadzaza kale," anatero. "Chitseko sichingatsekeke. Wina atsike basi."

Zopyolazo zinali mphindi zochepa chabe, zosakwana ngakhale kuwiritsa madzi a tiyi. A Dembo anasangalala ngati apeza ndalama panjira. "Zatha izi! Amalume anakhala chete nthawi yaitali kuposa imene analankhula. Tingodula chetecho, mawu onse atsala."

Anabweza kanemayo pamalopo kuti aone podula, ndipo tinaonera tonse awiri. Loweruka lija ndinali nditaima kumbali, sindinaone bwino. Tsopano ndinaona pafupi. Achimwene, m'chete mujamo si mopanda kanthu ayi. Manja awo akusalaza mkanjo pabondo, kusalaza pamene pali posalala kale. Milomo ikuyamba dzina lanu n'kulibweza, kuliyambanso n'kulibweza. Akuyang'ana kumwamba m'masamba a mango, akumeza malovu. Mukanangomva za jekete kenako n'kumva za muyezo, mukanaganiza kuti zinatuluka mosavuta ngati moni wa pamsika.

"Apa musadulepo," ndinatero.

"Nanga tidule pati? Pa mayi ako?"

"Mukufuna ndikagone kuti?"

"Aneba ndi achidule kale, sangakwanire."

"Nanga azakhali a Mansata? Maliro ena anawatchula kawiri."

A Dembo anatukula manja onse. "Mayi anga? Iwe, ukufuna ndisamuke mu Brikama muno? Adzaimba foni kufunsa Karamo ngati anamva za aliyense, mmodzimmodzi!"

Panatsala munthu mmodzi. Ndinati, "Chotsani ine."

A Dembo anasiya kuseka, chifukwa ndi iwo okha amene anamva zimene ndinanena pansi pa mango paja. "Nyima, koma zija unanena zija ndi zofunika azimve. Chabwino, ndikuikira pa chimbale chako chapadera, a Janko anyamule ziwiri."

Ndinawapempha kuti ndidzione kaye. Ndinaona mkazi wa mphuno yotupa akulira mpaka mawu osamveka. Sindinafune kuti muone zimenezo muli nokha kumeneko, kopanda wokuuzani kuti mawa lake ndinadzuka n'kuseka. Ndinati, "Ayi, ndili ndi cholembera."

Anandichotsa. Tinafufuta chimbalecho kwathunthu komaliza, tinadikira kuti magetsi abwere ndi kukhazikika, ndipo lero m'mawa tinayamba pa liwiro lotsikitsitsa. Wometa anazimitsa wailesi yake osapemphedwa. Kamzere kanafika pamalo pa tsoka paja, kanadutsa, kanakafika kumapeto. A Dembo anapsompsona kompyuta yafumbiyo, ine ndinangokhala pansi. Tinakachiyesa pa choonetsera cha aneba ndipo chaonetsa bwinobwino mpaka pothera.

Ndinawapatsa Ababa chimbalecho. Anachitembenuza, anaona inki yofiira ija, anasankha kansalu kotsala ka buluu, n'kuchisokera kathumba. Masana ano apita nacho okha kwa a Janko, amene ndege yawo ndi ya mawa. Kalatayi ndikaipereka ndikangomaliza.

Tsopano imvani zimene ndinanena pampando paja, ndizinene mopanda misozi.

Ndikukwatiwa, achimwene. Dzina lawo ndi a Saikou, mphunzitsi, munthu wofatsa wosakweza mawu. Akwawo anabweretsa kale mtedza wa kola wofunsira mbeta ndipo Ababa analandira. Ukwati udzachitika Tobaski ikangodutsa. Amayi sananene pa chimbale chifukwa ndinawapempha kuti mumve kwa ine. Munandisiya ndili kamtsikana kolirira kukwera njinga yanu, ndiye ndikudziwa kuti muwerenga mzere umenewu kawiri.

Ndine wokondwa, musakayike. Koma a Saikou amaphunzitsa ku Basse, ndipo mukudziwa kutalika kwake: ulendo wa tsiku lathunthu pa msewu wokumbikakumbika uja. Ndikapita, m'nyumba muno mutsala anthu awiri okalamba. Chimene sanakuuzeni aliyense n'chakuti maso a Ababa akuchita mdima. Ulusi pa singano ndimawalowetsera ndine, m'mawa uliwonse makasitomala asanafike, kuti asadziwe. Mzere wowongoka amasoka ndi manja okha amene anazolowera, osati ndi maso. Kuchipatala akuti ndi ng'ala ndipo ikhoza kuchotsedwa, koma iwo akuti aona bwino mvula ikabwera n'kutsuka fumbi. Ine sandimvera. Mwina inu, tsopano poti njira yatsekuka, angakumvereni.

Sindikunena kuti bwerani. Ndikudziwa za mapepala anu, kuti mukatuluka musanawalandire simudzaloledwa kulowanso, ndipo zaka zonse zimene mwapirira zidzapita pachabe. Sindingakupempheni zimenezo. Ndikungonena kuti tsiku limene adzandiphimbe nsalu kumutu n'kunditulutsa pachipata, ndidzayang'ana pamene pamaima alongo a mkwatibwi, ndipo ndidzapeza a Dembo ndi kamera yawo. Ndimafuna mudziwe kuti ndidzayang'anapo ndithu.

Muyezo wa pachifuwa musachedwe nawo, ndipo muwonjezere wa mapewa ndi mikono. Musautumize kudzera mwa ine. Imbani Lachisanu anthu akabwera ku mzikiti, muitanitse Ababa, muwauze nokha. Akayamba kukamba za ulusi, musawadule.

A Dembo akuti chimbale chikavuta kumeneko muchipukute ndi nsalu yofewa kapena muchiyese pa kompyuta, ndipo akuti muwatumizire jekete lopendekekalo ngati mwaleka kulifuna. Azakhali a Mansata akupereka moni. Aneba onse akupereka moni. A Saikou akupereka moni mwaulemu kwa alamu awo amene sanawaonepo. Amayi akuti muzidya, muzifunda, ndipo musaiwale kumene kumatulukira dzuwa popemphera. Ababa ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe, ndipo ati, "Ndinanena kale." Koma sanachoke pakhomo mpaka nditalemba zimenezo.

Mukamaonera, mukafika pamene Ababa angokhala kumene pampando, yang'anitsitsani kumanja kwa galasi. Muona dzanja likulowa, kuwongola chipewa chawo, n'kutulukanso. A Dembo anafuna kulidula, ndinati alisiye. Dzanja limenelo ndi langa, achimwene. Moni wanga ndi umenewo.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Nyima.